Mankhamba, Likulu Lopanda Makoma



Mlendo wofuna mabwinja ooneka ndi maso amakwera phiri la Mangochi, kufupi ndi malire a Mozambique. Kumeneko kuli makoma a linga limene Angerezi anamanga m'chaka cha 1897, patapita zaka ziwiri chigonjetsereni Jalasi, mfumu ya Chiyao imene inakhazika mudzi wake paphiripo. Makomawo akadali chiimire, ndipo safuna womasulira.

Mlendo yemweyo akatsikira ku Mtakataka, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu, nafunsa za Mankhamba, amamulozera minda ndi mitengo. Komatu apa ndi pamene panali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, kuyambira m'zaka za m'ma 1400 mpaka ufumuwo utagwedezeka ndi nkhondo za m'ma 1800. Nyumba zake zinali za mitengo, dothi ndi udzu. Chiswe ndi mvula zinamaliza kalekale. Chimene chinkamanga ufumuwo pamodzi sichinali khoma ayi, koma mwambo wa Mlira, pamene mafumu a mbumba ya Aphiri ankasonkhana chaka ndi chaka kudzapembedza mzimu wa kholo lawo, mwambowo n'kutsekedwa ndi kutentha tchire la Marimba.

Zotsala za mzindawo zili pansi. Katswiri wofukula zakale, Dr Yusuf Juwayeyi, anakumba pa Mankhamba napeza mapale a mbiya ochuluka, zipangizo zachitsulo, mkuwa, minyanga ya njovu yosemedwa, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, ngakhalenso zidutswa za mbale zadothi za ku China. Buku lake linatuluka m'chaka cha 2020. Mbale zoterozo sizifika pakhomo pa munthu wamba. Zinadutsa m'manja ambiri kuchokera kugombe, ndipo minyanga ndiyo inkalipira.

Vuto ndi lakuti khasu silidziwa phale la dzana ndi phale la nthawi ya Kalonga. Mkanda ukachotsedwa m'dothi limene unagona, kumakhala kovuta kuti katswiri auwerengere zaka. Wasanduka chokongoletsa chabe. Choncho mlimi amene watukula zotere m'munda mwake akupemphedwa kuzisiya pomwepo, aphimbe ndi dothi, akauze anyakwawa, kuti iwo akadziwitse nthambi ya boma yosunga zinthu zakale mizere isanaungidwe.