Chingerezi cha papepala tili nacho, nanga cha m'khutu?

Amene simunabwere ku msonkhano wa Loweruka, mawu omwewo ndawalemba pano kuti nanunso muwerenge.

Ndiyambe ndi funso. Ndi angati a inu amene munakhoza Chingerezi pa MSCE, koma munthu akakuimbirani foni n'kuyamba Chingerezi chothamanga mumangoti "yes, yes" mtima uli phaphapha? Musachite manyazi, tilipo ambiri. Si kuti ndife mbuli ayi. Mayeso a MANEB amayesa galamala, chimangirizo, kuwerenga nkhani n'kuyankha mafunso, komanso mabuku a literature. Pepala la kumvetsera palibe. Ndiye zaka zinayi za ku sekondale maso ndi dzanja zimaphunzira, khutu limangotsalira.

Vuto limaoneka tikatuluka. Pa intavyu sakupatsani pepala kuti muwerenge kawiri. Amafunsa pakamwa n'kudikira yankho. Mabungwe akabwera kudzafufuza za nyanja ya Chilwa kapena za mpunga wa ku sikimu yathu, amafuna wachinyamata womva msanga zimene mlendo wanena n'kumasulira asodzi ndi alimi. Mukasankhidwa kupita ku UNIMA ku Zomba konkuno, mphunzitsi amayankhula ola lathunthu osabwereza. Ofuna sukulu ya kunja nawo amakumana ndi mayeso a IELTS: gawo la kumvetsera lili ndi mafunso 40, limatenga mphindi pafupifupi 30, ndipo mawuwo amamveka kamodzi kokha basi.

Nkhani yabwino ndi yoti khutu limaphunzitsika, ndipo zophunzitsira zake zilipo zaulere pa intaneti. Ndikupatsani zitatu.

Choyamba, VOA Learning English. Anayamba mu 1959 ndi dzina loti Special English. Ankawerenga nkhani pang'onopang'ono, ndi ziganizo zifupizifupi komanso mawu osavuta pafupifupi 1,500. Maphunziro awo ambiri ali pa YouTube. Ngati mukuona kuti khutu lanu lidakali lolimba, yambirani pamenepa.

Chachiwiri, British Council LearnEnglish. Iwowa anagawa zomvetsera m'masitepe, kuyambira A1 ya oyamba kumene mpaka C1. Mumamva anthu akukambirana za ntchito, za pafoni kapena za kusukulu, kenako mumayankha mafunso n'kuona pompo ngati mwakhoza. Osathamangira C1 chifukwa choti munapeza mapointi abwino. Yambani pomwe mukumva zambiri koma osati zonse.

Chachitatu, 6 Minute English ya BBC Learning English. Anthu awiri amacheza mphindi 6 pa mutu umodzi, monga amachezera anthu enieni, n'kufotokoza mawu atsopano angapo. Chimene ndimaikondera n'choti mawu onse amene ayankhula amakhalanso olembedwa.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa kungotsegula foni uku mukupiringa matemba si kuphunzira. Tengani phunziro limodzi lokha, mulimve katatu. Ulendo woyamba osayang'ana zolembedwa. Mungoyesa kugwira kuti akukamba za chiyani, ndani, kuti. Ulendo wachiwiri mvetserani uku mukutsatira zolembedwazo ndi chala. Mudzadabwa kuona kuti mawu ambiri amene anakudutsani mumawadziwa kale, kungoti simunawamvepo akutchulidwa choncho. Pabuku timawerenga "want to", koma pakamwa ena amangoti "wanna". Mawu otero alembeni m'kope. Ulendo wachitatu imitsani pa chiganizo chilichonse n'kubwereza mokweza, olo a kunyumba akusekeni. Phunziro limodzi lomvedwa katatu liposa khumi omvedwa mothamanga.

Ndikudziwa wina akuti, "Aise, nanga bandulo?" Zoona, ndalama ndi yovuta, netiweki nayo kuno imachita kusakidwa pachulu. Koma mawu okhaokha sadya bandulo ngati vidiyo. Wina akapita ku Jali kapena ku tauni, adawunilode maphunziro angapo, abwere atigawire pa Bluetooth kapena pa memori khadi. Olo kafoni ka mabatani kamaimba zimenezi. Tikasonkherana pang'onopang'ono, bandulo imodzi ikwanira kalabu yonse. Mutu umodzi susenza denga.

Amene mulibe foni, wailesi ilipo. Pa MBC ndi pa Zodiak nkhani zimawerengedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe. Yambani mwamva za Chichewa, kenako mudzamve za Chingerezi tsiku lomwelo. Popeza nkhaniyo mwaidziwa kale, khutu limagwira msanga. Komanso mukuzolowera Chingerezi cha Amalawi anzathu, chimene mudzakumane nacho kwambiri pa intavyu.

Pempho langa kwa a komiti ndi ili: Loweruka lililonse tipatule mphindi 30 tisanapite ku mpira. Foni imodzi, sipika imodzi, phunziro limodzi. Tikamva, aliyense anene chiganizo chimodzi cha zimene wamva, atsikana ndi anyamata mofanana, popanda kusekana. Ine ndibweretsa maphunziro atatu oyamba. Amene muli ndi sipika yotchaja pa sola, dziwitsani a mlembi pofika Lachinayi.