Timau Ting'onoting'ono Tomwe Timatipunthwitsa pa Chingerezi

Pa msonkhano wathu wapachaka, mmodzi wa ophunzira akale amene akugwira ntchito m'boma adalankhula kwa mamembala pamodzi ndi ophunzira a Folomu 3 ndi 4. Mau awo tawasindikiza pano monga adawalankhulira.

Ndikuthokoza komiti pondipatsa mpata uno. Adandipempha kuti ndilankhule za Chingerezi, ndipo ndikudziwa kuti ena mukuyembekeza mau akuluakulu othyola nsagwada. Pepani, amenewo ndawasiya ku ofesi. Lero ndabwera ndi timau ting'onoting'ono: "up", "down", "on", "off", "in", "out", "away", "back" ndi "over".

Nonse mukudziwa kuti munthu akalephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi. Mukudziwanso kuti ngakhale Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko lathu mu 1968, ntchito za boma zidapitirira kuyenda m'Chingerezi. Koma pali Chingerezi china chimene mayeso sachiyesa mokwanira, chikhalirecho ndicho chimene munthu amakumana nacho tsiku loyamba pa ntchito. Ndi Chingerezi cha manja, chotumirana zinthu: tola ichi, ika apo, zimitsa icho, bweza uko.

Ku ofesi ina kumene ndidagwirako ntchito kudabwera mnyamata wanzeru, wamapepala abwino, wodziwa kulemba kalata yosalala. Tsiku lina mlendo wochokera kunja amene tinkagwira naye ntchito adampatsa mulu wa zikalata nati, "Please put these away." Mnyamatayo adangomva "away", maganizo ake adathamangira ku "throw away", ndipo zikalatazo adakaziponya m'bini. Mwamwayi tidazipeza asadazitenthe. "Put away" ndi kusunga chinthu pamalo pake. "Throw away" ndi kutaya. Ntchito ya mwezi wathunthu ikadapsa, mwinanso ntchito ya mnyamatayo ikadathera pomwepo, chifukwa cha mau amene mwana wa zaka zinayi ku England amawadziwa.

Mau otere, amene mneni wamba amayenda ndi kamau kakang'ono pambuyo pake, pa Chingerezi amawatcha "phrasal verbs". Musaganize kuti amavuta ife tokha. Samuel Johnson, polemba mau oyamba a dikishonale yake yotchuka ya mu 1755, adavomereza kuti mau amtunduwu ndiwo amasautsa kwambiri alendo ophunzira Chingerezi. Dzina lakuti "phrasal verb" lidatchuka kudzera m'buku la Logan Pearsall Smith la mu 1925. Choncho vutoli ndi lakale, ndipo eni chiyankhulo amalidziwa.

Nanga n'chifukwa chiyani ife ophunzira timawathawa? Mbiri ingatithandize. Mu 1066 dziko la England lidagonjetsedwa ndi anthu a ku Normandy, olankhula Chifalansa. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, Chifalansa ndi Chilatini ndizo zidali ziyankhulo za kunyumba ya mfumu, za m'makhoti ndi za m'mabuku, pamene anthu wamba adapitiriza kulankhula Chingerezi chawo kukhitchini ndi kumunda. Zotsatira zake n'zakuti lero ntchito imodzi imakhala ndi mau awiri. Pali "extinguish" ndi "put out", pali "submit" ndi "hand in", pali "remove" ndi "take off", pali "discard" ndi "throw away", pali "assemble" ndi "put together". Ife Chingerezi tidachipeza m'mabuku, ndiye tidayamba kudziwa mau ovala tayi aja. Eni ake amayamba ndi mau a kukhitchini. Tidalowera khomo la kumaso, koma banja limacheza kuseri.

Tsono mfundo yanga yaikulu lero ndi iyi: ife olankhula Chichewa sitiyenera kuwaopa mau amenewa, chifukwa ntchito imene timau timeneti timagwira, Chichewa chimaigwiranso. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timasintha mneni kumapeto kwake, pamene Angerezi amaika kamau kapadera. Taonani: timati tseka ndi tsekula, mata ndi matula, yala ndi yalula, vundikira ndi vundukula, vala ndi vula. Palibe adakuphunzitsani lamulo la zimenezi muli wakhanda, koma khutu lanu limadziwa kuti "-ula" akubweza zimene zidachitika. Mngerezi akafuna kubweza ntchito amasintha kamau kake: "switch on" ndi "switch off", "turn up" ndi "turn down", "screw on" ndi "screw off". Nthawi zina amasinthanso mneni: "put on" mnzake ndi "take off", "pick up" mnzake ndi "put down".

Ndipotu pamenepa Chichewa n'cholemera kuposa Chingerezi. Ife malaya timavala n'kuvula, mphika timatereka n'kuphula, chivundikiro timavundikira n'kuvundukula. Aneni asanu ndi mmodzi amenewo Mngerezi amawanyamula ndi awiri okha. Amati "put on your shirt", "put the pot on", "put the lid on". Pobweza amati "take off your shirt", "take the pot off", "take the lid off". Ngati mutu wanu udasunga asanu ndi mmodzi, awiri angakukanikeni bwanji?

Chachiwiri, timau timeneti sitingoikidwa chiikireni. Kalikonse kali ndi mbali imene kamakokera. "Off" kawirikawiri amanena za kulekanitsa chinthu ndi pamene chidali: "wipe off" ndi kupukuta kuti dothi lichoke, "peel off" ndi kusenda kapena kumatula, "tear off" ndi kung'amba kachidutswa n'kukachotsa, "cut off" ndi kudula mbali ina. "Out" amatulutsa kapena kuthetsa: "pour out" ndi kukhuthula, "wring out" ndi kufinya chovala, "rub out" ndi kufufuta, "blow out" ndi kuzima kandulo pouzira. "Back" amabweza chinthu kumene chidachoka: "put back", "give back". "Over" amatembenuza kapena kugwetsa: "turn over", "knock over". Zilembo zija P.T.O. zimene mumaziona pansi pa tsamba zikuimira "please turn over", ndipo alipo ophunzira amene adasiya mafunso a kuseri osayankha chifukwa chosazilabadira.

"Up" ndiye wochenjera kwambiri. Nthawi zina amalozadi kumwamba, monga "pick up", kutola, ndi "hang up", kupachika. Koma nthawi zambiri amatanthauza kumaliza ntchito yonse, monga momwe ife timachitira ndi "-ratu" kapena pobwereza mneni. "Eat" ndi kudya, koma "eat up" ndi kudyeratu osasiya mkute. "Tear" ndi kung'amba, koma "tear up" ndi kung'ambang'amba. "Use up" ndi kugwiritsa ntchito chinthu mpaka chithe. Mukaona kusiyana kwa "tear off" ndi "tear up" mudziwa kuti si nkhani yamasewera. Fomu ikalembedwa kuti "tear off the slip below", mung'ambe kachidutswa ka m'munsi kokha. Mukachita "tear up", fomu yonse yapita.

Chachitatu ndi lamulo limene limagwetsa ambiri pa mayeso. Mungathe kunena kuti "pick up the pen" kapenanso "pick the pen up", zonse n'zolondola. Koma mukachotsa dzina n'kuikapo mlowam'malo, ayenera kulowa pakati: "pick it up". Kunena kuti "pick up it" ndi kulakwa. Lamuloli limaoneka lachilendo, koma tamverani Chichewa chanu. Timati "tola cholembera", ndipo tikasiya kutchula cholemberacho timati "ndachitola". Phatikizo lija "-chi-" lalowa m'kati mwa mneni, silinatsalire kunja. Mukakumbukira "ndachitola" simudzaiwala "I picked it up". Chimodzimodzi "ndayizimitsa" ndi "I turned it off", "ndawataya" ndi "I threw them away". Chenjezo ndi lakuti alipo ena osalola kulekanitsidwa, chifukwa kamau kawo ndi mperekezi weniweni. Timati "look for it" ndiponso "step on it". Dikishonale yabwino imaonetsa amene amalekanitsidwa ndi amene salekanitsidwa, ndipo safunsa adadya phula.

Ndiloleni nditchule zolakwa zimene zidazolowereka pakati pathu, mpaka m'maofesi momwe. Timamva "off the light" ndi "on the radio", ngati kuti "off" ndi "on" ndi aneni paokha. Pafunika "switch" kapena "turn" patsogolo. Timamva "put off your shoes", pamene zoyenera ndi "take off your shoes". "Put off" ndi kukankhira chinthu ku tsiku lina, monga msonkhano. Timamva "close the radio", kumene kuli kungotembenuza "tseka wailesi". Timamva "pick that paper", pamene "pick" payekha ndi kusankha kapena kuthyola chipatso. Kutola pansi ndi "pick up", ndipo ndi kumene kudachokera dzina la galimoto ija timati pikapu. Chomaliza, samalani ndi "throw up". Si kuponya m'mwamba ayi, kawirikawiri ndi kusanza. Musadzauze mlendo kuti achite zimenezo ndi mpira.

Mwina wina akuti, mau amenewa alipo zikwizikwi, tidzawamaliza liti? Musataye mtima. Mu 2007 akatswiri awiri a ku America, Dee Gardner ndi Mark Davies, adafufuza mulu wa zolemba ndi zolankhula wotchedwa British National Corpus, umene uli ndi mau pafupifupi 100 miliyoni. Adapeza kuti aneni 20 okha, akaphatikizidwa ndi timau 8, amakwana kupitirira theka la malo onse amene mau amtunduwu adapezeka. Aneniwo ndi omwe mudawadziwa kale ku pulaimale, monga "put", "take", "turn", "pick", "bring", "give" ndi "hold". Ndiye kuti chuma muli nacho kale m'thumba. Chatsala ndi kudziwa kuchiphatikiza.

Tiwaphunzire bwanji tsono? Ine ndikuti ndi manja, osati ndi maso okha. M'zaka za m'ma 1960, katswiri wina wa ku California, James Asher, adayambitsa njira yophunzitsira ziyankhulo yotchedwa Total Physical Response. Mphunzitsi amalamula, ophunzira n'kuchita chimene walamulacho ndi thupi lawo, asanayambe n'kulankhula komwe. Makolo athu njirayi adaidziwa kale. Palibe mai amene amalembera mwana tanthauzo la "phula" pa bolodi. Amangoti "phula mphikawo", mwana n'kuphula, basi mau akhazikika.

Chitani chomwecho awiriawiri. Sabata ino tengani malo amodzi, tinene pochapira. Wina alamule, wina achite: "pour out the water", "wring out the shirt", "hang it out", "take it down", "fold it up", "put it away". Mawa musinthane. Sabata yamawa pitani ku khitchini, ina ku dimba la sukulu, kumene muzule udzu ndi "pull up", mufukule mbatata ndi "dig up". Ina ku labotale, kumene kusadziwa "turn off" ndi "wash off" kungathe kumuvulaza munthu. M'kope lanu musalembe mndandanda wotsata alifabeti. Lembani awiriawiri otsutsana, chilichonse ndi chinthu chake chogwirika, ndi mneni wa Chichewa pambali. Mau asanu pa sabata ndi okwanira, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Mukamaonera kanema kapena kumvera wailesi, tcherani khutu ku timau timeneti, muona kuti sipapita mphindi osatimva.

Mukagwira matanthauzo a manjawa, matanthauzo okuluwika adzabwera mosavuta. Munthu amene amadziwa "turn down the radio", kutsitsa mau a wailesi, savutika kumva kuti "turn down an offer" ndi kukana. Amene amadziwa kunyamula chinthu kupita nacho kunja, "carry out", adzamvanso "carry out a plan". M'mera mpoyamba. Sindikuti mutaye mau akuluakulu aja ayi. Polemba kalata yofunsira ntchito lembani "submit". Polankhula ndi mnzanu nenani "hand in". Wodziwa Chingerezi ndi amene ali ndi zovala zonse ziwiri, ndipo amadziwa tsiku lovala chilichonse.

Pomaliza ndikutembenukira kwa inu anzanga akale. Mutu umodzi susenza denga, ndipo aphunzitsi athu a Chingerezi ali ndi makalasi odzaza ndi silabasi yaitali. Makampani osindikiza mabuku monga Oxford, Longman ndi Collins ali ndi madikishonale a mau amtunduwu okhaokha. Ndikupempha kuti gulu lililonse limene lidatsirizira limodzi Folomu 4 lisonkhe ndalama ligulire laibulale ya sukulu yathu buku limodzi. Ndikupemphanso kuti ife amene tikukhala pafupi tizisinthana kubwera Loweruka limodzi pa teremu kudzacheza ndi kalabu ya Chingerezi. Sipafunika digiri ya uphunzitsi. Bwerani ndi chidebe, tochi, botolo ndi jekete, ntchito iyambike. Ana awa akadzalowa m'maofesi, m'zipatala ndi m'mafakitale, adzanyamula dzina la sukulu yathu, ndipo tifuna kuti akadzatumidwa kanthu asadzaime kukamwa kuli yasa.

Bambo Wapampando, ndalankhula nthawi yaitali, ndipo fungo lochokera ku khitchini likundiuza kuti mphika wauphula kale. Mulungu adalitse sukulu yathu.