Mkondo ndi Lupanga: Chitsulo Chonyamula Ulemu

Ndikupempha kuti tiuyang'anitsitse mkondo umene ovina agwira lero.

M'zaka za m'ma 1600, pamene ufumu wa a Kyungu unali kukhazikika pa phiri la Mbande, mabwana a ku Spain ndi ku Italy anali kuyenda ndi lupanga lotchedwa rapier. Linali lopyapyala, lotalika pafupifupi mita imodzi, lopangidwira kubaya koposa kutema, ndipo pachigwiriro pake panali zitsulo zopotana zotchinjiriza dzanja. Anthu a ku Spain analitcha lupanga la chovala, pakuti munthu ankalivala m'chiuno popita kumsika ndi kubwalo, kuti aliyense adziwe udindo wake. Koma ulemu womwewo unapha ambiri, chifukwa amuna ankaitanirana kukabayana pa nkhani ya chipongwe chabe.

Kwathu kuno chida chonyamula ulemu wa mwamuna chinali mkondo. Chitsulo chinali chosowa m'chigwa chino. China chinkatsika kuchokera kwa osula a ku mapiri a Ukinga. Wosula ankapemerera moto ndi mvukuto, nasula nsonga, nthawi zina naikapo mano okowa, kenaka nkuilumikiza ku luti lowongoka. Mkondo woterewu bambo ankausiyira mwana wake.

Tsiku lake loyesedwa linafika mu 1887, pamene anthu a Mlozi, okhala ndi mfuti, anatentha bango la ku Kambwe mmene Angonde anabisala. Chaka chomwecho ankhondo a Chinyakyusa anatsika ndi mikondo yawo kudzapulumutsa ozingidwa pa Karonga. Nkhondoyo inatha mu Disembala 1895, malinga a ku Mpata atagwa ndipo Mlozi atapachikidwa. Mkondo unatuluka pamenepo chifukwa mudzi unali pamoto.

Ine monga mphunzitsi, mtima umandiwawa ndikaona anyamata akusolola zikwanje pa mkangano wa malire a munda kapena wa ndale. Amenewo atengera mwini rapier, wobaya mnzake chifukwa cha mawu. Chonde, mikondo ya agogo imene yatsala m'nyumba zathu tisaigulitse ngati zitsulo zakutha. Tiisunge, kapena tikaipereke ku nyumba yosungira mbiri pa Karonga pano, ndipo ana tiwauze chimene chinkautulutsa mkondo pakhomo.