Kodi Mfuti Yaing'ono Ikhale ndi Loko?

Pa 13 September 2013 a Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti ya boma, anawomberedwa pa chipata cha nyumba yawo ku Area 43 mu mzinda wa Lilongwe. Munthu wokhala m'dera lotere, kumene mipanda ndi yaitali ndipo mnansi samva msanga mfuu, angaganize zosunga mfuti yaing'ono. Lamulo la mfuti la 1967 limafuna kuti ayambe wapeza chilolezo. Koma akachipeza, agule mfuti yotani?

Mfuti zina, monga ya Browning imene inatuluka mu 1935, zili ndi kachitsulo pambali, kamene tingakatche loko. Mwini mfuti akapanda kukakankha ndi chala chachikulu, mfutiyo siilira. Ya Glock, imene asilikali a ku Austria anaisankha mu 1982, ilibe kachitsulo kotere. Zotchinga zake zili m'kati ndi pa chokokera, kotero kuti ikagwa pansi siiphulika, koma ngati muli chipolopolo, aliyense wokoka chokokeracho awomba basi.

Okana loko ali ndi mfundo yomveka. Iwo amati munthu wodzidzimutsidwa pakati pa usiku manja amanjenjemera, ndipo angaiŵale kutsekula pamene mbala yaloŵa kale. Izi nzoona, makamaka kwa munthu wosazoloŵera.

Komabe tiyeni tiyang'ane nyumba zathu za kuno ku Malaŵi. Muli ana athu, ana a achimwene, alendo ochokera kumudzi, ndiponso wantchito amene amayala pabedi m'maŵa uliwonse. Mbala ingabwere kamodzi, mwinanso osabwera konse, koma manja onseŵa ali m'nyumbamo tsiku ndi tsiku. Mwana sadziŵa kuti mfuti ndi chiyani. Iye amangoona chinthu chonyezimira chokhala ndi pokoka. Nchifukwa chake ine ndikuti loko akhalepo. Ngakhale asilikali a ku America, anthu ophunzitsidwa ndithu, posankha mfuti ya SIG Sauer mu 2017 anatenga yokhala ndi loko.

Pokhapo, loko ameneyu sitingamudalire kotheratu, pakuti mwana wochenjera wa zaka zisanu ndi ziŵiri angamukankhe mosavuta. Mfuti ikhale m'bokosi lachitsulo lokiyidwa, zipolopolo zikhale kwina, ndipo kiyi asapachikidwe pamodzi ndi makiyi a galimoto.