MAU A MLEMBI PA MSONKHANO: ZA KUTUPA KWA MU UBONGO

Nkhani yanga ndi ya nkhalamba zathu zimene ziyamba kuiwala maina a ana ao, kapena kunjenjemera manja kufikira kulephera kugwira cikho.

Nthenda yonjenjemera anailongosola ndi James Parkinson wa ku London m'caka ca 1817. Yoiwalitsa anailongosola ndi Alois Alzheimer wa ku Germany mu 1906. Zonse ziwiri zidza pamene timitsempha ta mu ubongo tikufa pang'onopang'ono. Zifukwa zace nzambiri, koma lero ndinena cimodzi.

Munthu akatemeka cala, cimatupa ndi kutentha. Pamenepo thupi liri kumenyana ndi zoipa, ndipo bala likapola nkhondo itha. Ubongo naonso uli ndi alonda ace ang'onoang'ono, dzina lao microglia, amene Pío del Río Hortega wa ku Spain anawalongosola mu 1919. Nchito yao ndiyo kupha tizilombo ndi kusesa zinyalala. Koma zinyalala zomata, monga amyloid ya nthenda ya Alzheimer, zikaunjikana caka ndi caka, alondawo sapumanso. Atulutsa ululu kosalekeza, nuononga ndi timitsempha tabwino tomwe, monga moto wosakira mbewa umene ulowa m'mudzi. Timitsempha takufato tisanduka zinyalala zina, ndipo alonda akwiyirakwiyira. Mu 1988 Patrick McGeer ndi anzace ku Canada anapeza alonda okwiyawa ataunjikana pa malo oonongeka mu ubongo wa anthu amene anafa ali ndi nthenda ya Parkinson.

Ife a m'migodi nkhaniyi itikhudza. Kumenyeka m'mutu kawirikawiri kuutsa alondawa. Pfumbi la manganese, mwala umene ukumbidwa ku Hotazel, nalonso litero. Kale mu 1837 John Couper anaona anthu opera mwalawu ku Scotland alikuyenda dzandidzandi. Cifukwa cace musavule cisoti pa nchito, ngakhale cophimba mphuno.

Musathamangirenso kugula mankhwala oletsa kutupa. Ku America anayesa naproxen pa okalamba, koma sanaletse nthenda ya Alzheimer.

Cacikulu ndi ici, abale anga. Agogo akapezeka usiku pa khomo la eni, osadziwa njira ya kwao, si mfiti ai, ndi odwala. Tiwatengere ku cipatala, tiwadyetse, tiwalezere mtima. Tisayembekeze kudzawalemekeza ndi bokosi.