Bokosi la RAID: Liwiro Lake Lenileni ndi Njira Zachangu

Lero ndikulankhula makamaka ndi inu ojambula makanema a maukwati ndi zinkhoswe. Ena mwa inu munagula bokosi lija lokhala ndi ma hard disk awiri, lotchedwa RAID, ndipo mukudandaula kuti kukopa kanema kukuchedwa, chonsecho pa katoni analemba kuti 5 Gbps.

Nambala imeneyo ndi ya chingwe cha USB 3.0, ndipo ili m'ma bit. Ma bit 8 ndiwo amapanga byte imodzi, ndipo gawo lina la liwirolo limatayika panjira, choncho zenizeni chingwecho chimanyamula ma megabyte pafupifupi 400 pa sekondi. Koma hard disk ya mbale zozungulira, ya 7200 rpm, imalemba ma megabyte pakati pa 150 ndi 250 basi. Msewu ndi wa phula, koma yoyendamo ndi ngolo ya ng'ombe.

Mwina mukuti, nanga madisiki si awiri? Apa mvetserani bwino. Mabokosi otere anthu ambiri amawaika pa RAID 1, pomwe chilichonse chimalembedwa kawiri, pa disiki iyi ndi pa inzake. Imodzi ikafa, ntchito yanu ilipobe. Koma liwiro lolembera ndi la disiki imodzi. Terabyte imodzi, pa ma megabyte 150 pa sekondi, imatenga pafupifupi maola awiri. Ngati ndi tizithunzi tambirimbiri tating'ono, nthawi imapitirira, chifukwa kasingano kolembera kamalumphalumpha pa mbale. Mukalowetsa bokosilo pa USB 2.0, yomwe imangofika cha m'ma 35, mudikira maola 8. Ndiye yang'anani kaye pomwe mwalowetsa. Malo a USB 3.0 kawirikawiri amakhala abuluu mkati.

RAID 0 imagawa failo pa madisiki onse awiri, ndipo liwiro limakwera pafupifupi kawiri. Ine sindingakulangizeni kusungirapo ukwati wa eni ake, chifukwa disiki imodzi ikangofa, zonse zapita.

Amene muli ndi NAS, bokosi lolumikizidwa pa netiweki, dziwani kuti chingwe cha gigabit chimathera pa ma megabyte pafupifupi 115, kaya madisiki akhale angati.

Ndiye wofuna changu atani? Agule SSD, disiki yopanda mbale zozungulira. Ya SATA imafika ma megabyte 550 pa sekondi. Ya NVMe, mu kabokosi ka USB ya 10 Gbps, imafika pafupifupi 1,000, ndipo terabyte ija imatha m'mphindi zosakwana 20. Ngati kompyuta yanu ili ndi Thunderbolt 3, mutha kupitirira 2,500. Mtengo wa SSD pa terabyte ndi wokwera, n'chifukwa chake ndikuti gawani ntchito: kanema amene mukukonza sabata ino akhale pa SSD, akatha mumusamutsire ku RAID 1 usiku mukugona.

Chinanso, magetsi akathima bokosi likulemba, mafailo angaonongeke, choncho UPS, batire yosunga magetsi, ndi yofunika. Ndipo RAID siteteza ku chilichonse: mukafufuta failo molakwitsa, imafufutika pa madisiki onse awiri nthawi yomweyo, ndipo wakuba amanyamula bokosi lonse. Chonde, makanema a makasitomala anu muwakoperenso pa disiki ina, ndipo disikiyo izigona kunyumba ina.