Magazi Anali a Mbuzi, Misozi Inali Yeniyeni

Tsegulani nane Genesis 37, kuyambira ndime 31.

Abale ake a Yosefe atamugulitsa, anapha mbuzi, nanyika mkanjo wake m'magazi, n'kupita nawo kwa bambo awo. Chilombo sichinamudye Yosefe ayi. Koma Yakobo analira maliro enieni, mpaka kukana kutonthozedwa. Gwirani mawu awa: bodza lokonzedwa mwaluso limakhetsa misozi yeniyeni.

Lero mdyerekezi sakusakanso mbuzi, wagwira foni. Kwabwera luso la makompyuta lotchedwa AI. Munthu amatenga chithunzi cha mwana wanu chimene munaika pa Facebook kapena pa WhatsApp, ali mu yunifolomu kapena akuimba kwaya. Pulogalamuyo imasunga nkhope ya mwanayo n'kupeka thupi lamaliseche. Mwanayo sanavule, sanajambulidwe choncho, koma kusukulu amulozerana zala. Ena amafika pomuopseza kuti atumize ndalama, apo ayi achimwaza chithunzicho.

Wina akuti, "Abusa, komatu n'chopeka, palibe amene wagwiridwa." M'bale wanga, kafunse Yakobo! Nkhope ndi ya mwana weniweni, manyazi ndi enieni, kuleka sukulu n'kwenikweni.

Tsopano mverani za lamulo, pakuti Aroma 13 imatiphunzitsa kuti olamulira anaikidwa kuti alange ochita zoipa. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Lamuloli limaletsa kupanga, kugawa, ngakhalenso kusunga mu foni kapena mu kompyuta zithunzi zolaula za ana. Chilango chake ndi K10 miliyoni komanso zaka 15 kundende. Linalembedwa AI isanafale, koma silinena za mwana wojambulidwa ndi kamera yekha, limanenanso za chithunzi choimira mwana akuchita zolaula. Ndipo kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mtsikana wa Fomu 3 wa zaka 16 uja, ngakhale waoneka wamkulu, ndi mwana!

Mwamva? Ndati ngakhale kusunga. Iwe amene unangochilandira pagulu la WhatsApp n'kuchitumizira mnzako uku ukuti "taona zachilendo", waunyamula nawo mkanjo uja.

Nanga zikagwera mwana wanu mutani? Choyamba, musamukwapule. Iye ndiye wolakwiridwa; mukhazikeni pansi, mumve, mumuuze kuti muli naye. Chachiwiri, musatumize chithunzicho kwa aliyense, ngakhale kwa ine abusa anu kuti ndichipempherere. Lembani nambala ya amene wachitumiza, dzina la gululo ndi tsiku lake. Chachitatu, pitani ku polisi ya Chileka kapena imene muli nayo pafupi, mufunse ofesi ya Victim Support Unit. Ngati thiransipoti yavuta, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Ndilankhulenso ndi ife a mpingo. Timakonda kunena kuti "tikambirane kunyumba, tisachititse manyazi dzina la Ambuye", makamaka wolakwayo akakhala mkulu wampingo kapena wopereka chakhumi chonona. Mlandu uwu si wothera pa mkeka ndi chindapusa cha mbuzi. Pa Mateyu 18:6 Yesu ananena za mphero yomangirira m'khosi mwa wolakwitsa kamwana, sananene za kubisa. Wolapa timupempherera, inde, Mulungu amakhululuka. Koma khothi ligwire ntchito yake. Amen?

Tiyeni tipemphere. Atate, phimbani ana athu ndi mwazi wa Yesu. Mwana amene akulira yekha usiku uno chifukwa cha chithunzi, mupukuteni misozi, mupatseni mphamvu yoti auze wamkulu. Ife makolo tipatseni makutu akumva ndi miyendo yopita kukanena. M'dzina la Yesu Khristu, amen.